Mpoza za Tiyanjane

Ndili pachitunda cha kuseri kwa sukulu yathu yakale, koma ndavala nsapato za kuntchito. Tchire lonse lapsa, pangotsala kamtengo kamodzi ka mpoza. Pansi pake pakhala Tiyanjane, mng'ono wanga amene tinamuika m'manda ali sitandade 3. Sanakule. Akadali mu yunifolomu yake yong'ambika kukhwapa.

"Achemwali, mwachedwatu," akutero. "Njala yandipweteka. Tandithyolereniko."

Ndikuthyola mpoza yakupsa bwino, yachikasu, yofewa mpaka kung'aluka. Ikangofika m'manja mwake ikusanduka yaiwisi, yolimba ngati mwala. Ndikuthyola ina, chimodzimodzi. Ndikuyesa kumudyetsa ndekha, koma mkono wanga ukufupika, sukufika pakamwa pake.

"Basi tingovundika," akutero.

Tikukumba kadzenje ndi manja, ndipo m'malo mwa dothi tikupeza madeya ofunda. Tikukwirira mpoza zonse.

Belu la sukulu likulira. Pakati pa lupsa paima minibasi, ndipo kondakitala akukuwa kuti malo atsala a munthu mmodzi. Tiyanjane wakwera kale. Kamtengo kaja wakanyamula pamiyendo, mizu ikulendewera pawindo.

"Zikapsa mudye, musandisungire," akundiuza. "Kumene ndikupitako satilola kulowa ndi chakudya."

Ndikufukula kadzenje kaja. Mpoza zonse zapsa, fungo lili ponseponse. Ndikuziwolera mu chitenje n'kuthamangira minibasi. Ndikufuna kukuwa kuti aime, koma m'kamwa mwanga mwadzaza njere, dzina la Tiyanjane silikutuluka.

Ndadzuka kutulo, m'manja mulibe mpoza ndi imodzi yomwe.