Mbalame Zimene a Mphete Sanalembe

Dzina loti a Mphete analipeza pantchito. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankatchera ukonde m'dambo la kuseri kwa ofesi yoona za nyama zakutchire, kukola timbalame, kutiveka kamphete ka nambala kumwendo, n'kutimasula. Sukulu sanapite nayo patali, koma kambalame kakagwera m'manja mwawo kankangoti zii ngati kafika kwawo. Mabwana asanu anabwera n'kupita, ndipo aliyense potsazika ankati ofesiyo popanda a Mphete ndi mipando chabe.

Zitatsala zaka ziwiri kuti apume, ofesi inakumbukira kuti munthuyu sanaphunzitsidwepo ntchito imene ankagwira. Inawatumiza kumaphunziro a sabata imodzi. Anavala jekete la paukwati wa mwana wawo, n'kukhala kutsogolo, pansi penipeni pa fani yosazungulira.

Mphunzitsi anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo wachiwiri. Analowa ndi ndowa ya nyemba. Nyemba makumi asanu anazipaka inki, kuzibwezera, kuvundula. Atatapa makumi anayi, khumi zinali za inki. Anafotokoza kuti ngati imodzi mwa zinayi zilizonse ili ndi chizindikiro, ndiye kuti makumi asanu aja ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo m'ndowamo muli nyemba mazana awiri. A Mphete anasangalala. Zaka zonsezi ankayesa kuti manambala awo amangokagona m'kabati kulikulu.

Kenaka mayiyo anatenga nyemba makumi awiri zopanda inki pamulu wa zotapa zija, n'kuziponya m'ndowa osaziwerenga. Tsopano za inki zinali theka la mulu, ndipo masamu anati m'ndowa muli zana limodzi lokha.

"Zana linalo lapita kuti?" anafunsa kalasi. "Palibe wadya nyemba muno."

Onse anaseka. A Mphete okha sanaseke nawo.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kulikulu kunachokera fomu yatsopano. Yakale inali ndi mabokosi asanu, iyi khumi ndi asanu ndi atatu. Mbalame yogwidwa koyamba inkafunika kuiyeza phiko, mlomo, mchira, kulemera, ngakhale mafuta a pachifuwa, uku zinzake zikuphupha mu ukonde padzuwa. Yovala kale kamphete inkangofunika kulemba nambala yake. Ndiye dzuwa likakwera, msana ukayamba kulankhula, a Mphete ankamasula zosavalazo mwakachetechete osazilemba. Mumtima ankati n'chifundo, ndipo masiku ena chinalidi chifundo.

Kulikulu anaona chiwerengero chikutsika chaka ndi chaka. Anachita misonkhano itatu, n'kulamula kuti m'dambomo musamwetedwenso udzu. Chikwangwani choletsacho anakhoma ndi a Mphete omwe. Mwa amayi amene anathamangitsidwa ndi zikwakwa zawo munali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene kuyambira pamenepo ankawapatsa moni wa pakamwa pokha.

Usiku wa tsiku la nyembalo a Mphete sanafune kuziganiza, m'mawa sanafune kudya. Anadziuza kuti sabata ndi yaifupi, munthu akhoza kungokhala chete n'kulandira satifiketi yake.

Lachinayi mphunzitsi anaonetsa pakhoma mzera wa chiwerengero cha mbalame, wotsetsereka ngati njira ya kuchigwa. Anati awa ndi manambala osamalidwa bwino koposa onse amene anawaonapo, osadumpha ndi mwezi umodzi womwe, ndipo mwini wake ali m'chipinda chomwechi. Anthu anawomba m'manja. Bwana wa maphunziro, amene ankangobwera nthawi ya tiyi, anawombanso kapu ili m'manja.

A Mphete anaimirira. Onse anayesa akufuna kuthokoza.

"Aphunzitsi, mbalamezo sizinathe ayi. Zili m'dambomo. Ndine ndinkaponya nyemba m'ndowa."

Ananena zonse, za fomu, za msana, za chikwangwani, maso ali pa nsapato zawo. Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kusandutsa chifuwa. Bwana uja anati nkhani zotere zili ndi njira yake, ziyenera kulembedwa ndi kudzera kwa woyang'anira, ndipo popeza zanenedwa pakamwa, mwalamulo sizinanenedwe.

Mphunzitsi anazimitsa chithunzi chija, nakoka mpando kudzakhala pafupi ndi a Mphete.

"Bambo, patsiku munkamasula zingati?"

"Sindinkawerenga, mayi. Kuwerengako n'kumene ndinkathawa."

"Munkayamba nthawi yanji?"

Zimenezo ankazidziwa: mthunzi wa mtengo wa ukonde ukafika pamwala. Mayiyo anati poyambira ndi pomwepo. Akagwiritsa ntchito za m'mawa zokha, mwina chiwerengero chenicheni chingapezeke, koma pafunika kubwereza zaka zonse zisanu ndi zinayi, tsamba ndi tsamba, ndipo lipotilo lidzatchula dzina lawo.

A Mphete anavula jekete, n'kulikoleka kumpando. Anapempha kuti likadzatuluka lipotilo awapatseko pepala limodzi lapadera, lolembedwa mosavuta, loti akawawerengere alamu awo.