Makapu Awiri Pachulu

Ndinadzuka kusanache, ngati kunali kudzuka, pakuti pasiwa munthu amangotsinzina. Kunali chisanu chija cha kuno ku Lifidzi choluma zala. Amuna anali ataunjikana pamoto, ndipo m'nyumba amayi oimba mawu anali atasasa. Adzukulu anali atanyamuka kale ndi makasu. Ine ndinaima pakhomo n'kumayang'ana mayi anga, amene anakhala pafupi ndi bokosi la mwana wawo woyamba, mlongo wanga wamkulu Filomena, amene tinkamutcha mana.

Chibwerereni uthenga wa ngozi ya galimoto pamsewu wa ku Tete, amayi anali asanamwe mankhwala awo a tensau, matenda othamanga magazi aja. Mutu unkawawawa, maso atafiira, koma aliyense wowapatsa mapiritsi ankangomuyang'ana. Ndinkaopa kuti tikabwera kumanda tiyambanso kukumba ena.

Dzuwa linatuluka mochedwa, m'nkhungu. Kuseri kwa nkhokwe nyemba zinali pamoto, atsikana akusenda kachewere amene anansi anabweretsa m'madengu. Anthu anayamba kufika: a ku Domwe panjinga, a ku Fonte Boa wapansi ndi nyimbo zawo, kenako magalimoto a anzake a mana a kuntchito, nsapato zawo zitafiira ndi fumbi lathu.

Mana anaphunzira mpaka tonse tinatopa m'malo mwake. Anayamba ku sukulu ya ku misau, kumishoni kuja, tikuyenda limodzi opanda nsapato, iye patsogolo chifukwa ine ndinkaopa agalu. Anapita ku Maputo, n'kumaliza digiri, n'kuyamba ina, kenako dotoramento, digiri ya udotora, ya psikolojiya ya zaumoyo, maphunziro a maganizo a odwala. Zaka zina ankakhala m'zipatala moyang'aniridwa ndi akuluakulu ake, zina ankafufuza chifukwa chake odwala amasiya mankhwala pakati panjira. Ine ndinakwatira, ana anga n'kuyamba kulima, iye adakali mwana wasukulu. Tsiku limene anateteza kafukufuku wake pamaso pa aphunzitsi, amayi analuluta pabwalo nkhuku zonse n'kuthawa.

Koma kumudzi udotora wakewo sitinaumvetse. Akabwera, anthu ankafola pakhonde, uyu ndi msana, uyu ndi dzino. Iye ankangokhala nawo pamphasa n'kumawafunsa mafunso. Amalume athu anamutcha dotora wopanda singano, ndipo ine ndinkamuseka kuti zaka zonsezo anakaphunzira kucheza. Ankaseka kuposa ine. Kuseka kumeneko ndakusowa kale.

Padiri atamaliza mapemphero tinanyamuka. Nkhungu inali itachoka, mphepo ikuuluza makapulana, zitenje za amayi. Tinadutsa m'minda yokolola kale, njira yomweyo ya kusukulu ija, ndipo leronso mana anali patsogolo. Amayi anayenda atagwiridwa mbali zonse. Kumanda sanalire mokweza. Anaponya dothi lawo, n'kukhala pansi, ndipo kuti adzuke tinachita kuwanyamula.

Titabwerako, pa nthawi ya chakudya, ndinaona chinthu chachilendo. Panali gulu limene linabwera pa shapa, minibasi yakeyake, kuchokera ku Tete, anthu amene mana ankawathandiza kuchipatala. Atadya, anakhala awiriawiri, aliyense ndi kapu ya madzi. Ena anatulutsa mapiritsi poyera n'kumeza, anthu onse akuona. Kwathu kuno mankhwala otere munthu amamwera kuseri kwa chitseko. Anzawo amene analibe mapiritsi anamwa madzi okha, pa nthawi yomweyo.

Ndinafunsa mayi wina wa m'gululo. Anati, "Adotora ankati mankhwala a moyo wonse amalemera ukamamwa wekha. Ndiye aliyense ali ndi mnzake womwa naye. Kodi amayi anuwo amamwa ndi ndani?"

Tsiku lililonse dzuwa likamalowa, amayi ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene foni imagwira, atanyamula kapu. Ndinkadziwa kuti akulankhula ndi mana, ndipo ndinkayesa ndi miseche ya amayi ndi mwana wawo. Kapuyo sindinaiganizirepo.

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala phulusa, mabenchi obwereka ndi fungo la utsi. M'nyumba munali zii, mphasa zitapindidwa, malo a bokosi akuonekabe pansi. Amayi munalibe. Ndinawapeza pachulu, atakhala okha, foni ili pamiyendo.

Ndinabwerera m'nyumba, n'kutunga madzi m'makapu awiri, n'kutenga piritsi limodzi. Ndinakwera pachulupo n'kukhala pambali pawo. Sindinawauze za magazi kapena za imfa. Ndinangoika kapu imodzi ndi piritsi pafupi ndi dzanja lawo, inayo n'kuigwira ine.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Iwe zimenezi sunaphunzire."

Ndinati, "Kumwa madzi ndimadziwa, amayi."

Anatola piritsilo, n'kudikira kuti ndikweze kapu yanga, ndipo tinamwa. Apo ndi pamene analira kulira kumene anakusunga kumanda, ine n'kulira nawo, mpaka mapiri a ku Domwe anada.

Potsika anandigwira phewa. Anati, "Mawa usachedwe. Mlongo wako sankachedwa."