Poima Pakati pa Msewu

Inu amene mukuona ngati zanu zinathera panjira, imvani za mtsikana wina amene ophunzira ankamutchula kuti Asisi a Fotokope.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, anapeza maliro a mlongo wake atatha kale. Mlongoyo ndi amene ankamuperekeza pa njinga ku yunivesite, ndipo minibasi yolimbirana okwera inawagunda pageti penipeni. Mtsikanayo anatsala ndi mwendo wotsimphina komanso mantha amene sanaoneke pa ekisire.

Sukulu anaisiya ali chaka chachiwiri. Nzeru zinalipo, malo ake analipo, koma akangofika m'mphepete mwa msewu wa pageti paja ankabwerera ndi mantha, osawoloka. Zokwera galimoto ndiye osanena.

Amalume ake anamupezera ntchito m'kashopu ka fotokope koyang'anizana ndi geti lomwelo. Tangoganizani, tsiku lonse kusindikiza manotsi a anzake, pawindo akuona denga la laibulale. Ankalakalaka fungo la mabuku akale ndi mpando wake wa pakona. Ngakhale mphunzitsi wa masamu wovuta uja anayamba kumusowa. Anzake atavala magauni, iye anawaonera ali tsidya lino, mtima ukuwawa.

Tsiku lina anamvanso kulira kwa mabuleki, ndipo wophunzira wina wapanjinga anathyoka mkono. Apa m'pamene anati zakwana. Aliyense wobwera kudzasindikiza pepala ankachoka atamva za msewuwo, afune asafune. Ophunzira, okonza njinga ndi amayi ogulitsa zipatso anagwirizana naye, n'kukapempha kukhonsolo kuti msewu ukonzedwe. Yankho linali lija timalidziwa tonse lakuti nkhaniyo ikuunikidwa.

Atatopa ndi kudikira, anatolera matayala akutha, kuwapaka penti yoyera, n'kuwandandalika kuti apatule kanjira ka njinga. Madalaivala anatukwana, khonsolo inadzawachotsa, iwo anaikanso ena. Matayala amenewo anakwera lole ya khonsolo mpaka kuizolowera. Koma masiku amene analipo, palibe wapanjinga anagundidwa, ndipo anthu anayamba kuona okha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ophunzira ankamuseka kuti mtsogoleri wawo amamenya nkhondo ali mbali imodzi ya msewu. Iye ankaseka nawo, koma zinkamubaya, chifukwa zinali zoona.

Patapita zaka, khonsolo inatumiza injiniya, mayi wofatsa, kudzaonetsa pulani kumsonkhano womwe unachitikira m'holo ya pafupi ndi kashopu kaja. Pa pulaniyo panali njira ya njinga, mahampu ndi mizere yoyera yowolokerapo. Anthu anaomba m'manja. Injiniya uja atafunsa ngati panali chimene chatsala, Asisi a Fotokope anaimirira.

"Amayi, ndiyankhula zochititsa manyazi. Mizereyo ndi yabwino, koma ine msewu wonsewu sindingauwoloke kamodzin'kamodzi. Mundiikire poima pakati, ndizipumirapo."

Kenako mphunzitsi wina wachikulire woyendera ndodo ananena kuti nayenso amapemphera kaye asanawoloke. Mayi wina anati ana ake amawanyamula mmodzimmodzi. Zinapezeka kuti amantha analipo ambiri, kungoti aliyense ankabisa ake. Injiniya anatenga pensulo n'kujambula kachilumba ka simenti pakati pa msewu, kokhala ndi zitsulo zogwirira.

Ntchito inachedwa, fumbi linadzaza m'makina a fotokope, koma inatha. M'mawa wake bambo a mtsikana uja anabwera kuti amugwire dzanja powoloka. Iye anakana mwaulemu.

"Bambo, tsogolani. Mukandidikire kutsidyako."

Anaponda mzere woyamba, wachiwiri, mpaka anafika pakachilumba. Pamenepo anagwira chitsulo n'kuyamba kulira mlongo wake, magalimoto akudutsa uku ndi uku. Anaima nthawi yaitali ndithu, ndipo bambo ake sanamufulumize. Misozi itauma, anayang'ana msewu bwinobwino n'kumaliza theka lotsalalo.

Mlonda wa pageti, amene anali watsopano, anamufunsa kumene ankapita.

"M'kalasi, achimwene," anayankha. "Ndachedwa pang'ono."

Lero akumaliza maphunziro ake pamodzi ndi ana amene anali ku pulayimale pamene iye ankayamba. Mlongo wake amamusowabe, makamaka akamva belu la njinga m'mawa. Msewu watsopano sunamubwezere munthu wake, koma unamubwezera sukulu, ndipo ana a eni akufika kwawo amoyo.

Inunso mwina pali chimene mwakhala mukuchiyang'anira pawindo zaka zonsezi. Nenani poyera pamene mukulephera, pakuti si inu nokha. Ngati simungathe kuwoloka kamodzi, fikani pakati, mupume, mulire ngati n'kulira, kenako mupitirize. Osataya mtima, kutsidya kuli okudikirani.