Manja Atatu pa Fogau ya ku Parokiya

Inu amene mwatopa ndipo mukufuna mawu okudzutsani, mawu akuluakulu mwamva kale ambiri. Lero tangomverani za Ezequiel ndi mkazi wake Palmira, a ku Chifunde.

Ezequiel anabwera kuchokera kumaenje a golide cha ku Mualadzi ndi dzanja limodzi. Dothi linamugwera, anzake anamufukula wamoyo, koma dzanja lamanja analidula kuchipatala pachigongono. Anthu ankati wachita mwayi. Iye mwayiwo sankauona.

Mvula itagwa, Palmira ankalawirira kumunda yekha, mwana wawo Telma ali kumbuyo. Ezequiel anayesa khasu ndi lamanzere, koma mzere unkakhota ngati njira ya woledzera. Anabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde. Ngakhale mabatani a malaya ankamumangira ndi mkazi wake. Tsiku lina, maso ali pansi, anauza Palmira kuti ngati akufuna kubwerera kwawo ku Nsadzo, iye sadzamuimba mlandu.

"Ndikapita, mabataniwa azikumangirani ndani, bambo a Telma?" anafunsa Palmira. "Nkhuku?"

Kumaenje kuja Ezequiel ndi amene ankaphikira gulu lake, ndipo nyemba zake zinali ndi mbiri. Palmira atamva kuti wophika wa ku parokiya wapuma chifukwa cha ukalamba, anadikira Misa ithe, n'kumukoka mwamuna wake mpaka pamaso pa Irima Teodora, sisitere woyang'anira kozinya, nyumba yophikira.

Irima anayang'ana mkono wa malaya wopindidwawo, kenako nkhope ya mwini wake.

"Yesani," anatero. "Mwezi wamawa akatekisita abwera kudzaphunzira. Mukaonetsa kuti mutha kuwaphikira nokha, ntchito ndi yanu. Koma kozinya ino ndi ya munthu mmodzi. Wachiwiri ndilibe pomuika."

Ezequiel anayamba. Anakhoma msomali pathabwa n'kumabayapo anyezi kuti asathawe mpeni. Mapoto ankawanyamula powatsamiritsa pachiuno. Zonse zinkatheka pang'onopang'ono, kupatula moto.

M'kozinyamo munali fogau, mbaula yaikulu ya gasi imene parokiya inapatsidwa kale. Pobwera inkadziyatsa yokha: ukapotoza kagudumu kake, inkalira kuti tiki tiki, moto n'kubuka. Koma kulirako kunasiya zaka zapitazo, ndipo aliyense ankangogwiritsa ntchito machesi. Wa manja awiri saganizako n'komwe, ili likupotoza, ili likukhwecha. Ezequiel ankayamba kutsegula gasi, n'kupanira bokosi la machesi pakati pa mawondo, n'kumalimbana ndi kamtengo. Nthawi yonseyo gasi akungotuluka.

M'mawa wina kamtengo kanathyoka, kachiwiri kanazima, kachitatu katayaka moto unachita phuu! mpaka kumaso. Irima anathamangira mkati n'kumupeza nsidze zapserera.

"Ayi, bambo Ezequiel," anatero Irima modekha. "Dzanja mwataya kale, maso sindilola. Musadzayatsenso nokha ndi machesi."

Kuyambira pamenepo Palmira ankabwera kudzayatsa. Ankayatsa m'mawa n'kuthamangira kumunda, dzuwa likakwera n'kubwereranso kudzayatsa za masana. Udzu m'chimanga sunkamudikira. Ezequiel ankaona matope m'miyendo ya mkazi wake, n'kudziwa kuti izi sizimene Irima ananena. Ngati moto sudzamumvera yekha akatekisita asanafike, adzabwerera pakhonde paja.

Anapita kumsika kwa Milton wokonza mota, njinga zamoto zija, n'kumufotokozera za tiki tiki uja.

"Ine fogau sindinaitsegulepo, achimwene," anatero Milton, akupukuta mafuta m'manja. "Koma chothetheka chilichonse chili ndi kabokosi kake, ngati mota. Yambani mwatsuka timiyala toyera tili pambali pa zoyakirazo. Zikakana, tsatirani mawaya, akakufikitsani pakabokosi. Koma mutseke botija ya gasi, muzulenso chingwe cha magetsi kukhoma. Kameneko kamaluma."

Ezequiel anatsuka timiyala tija, tina tinali titakutidwa ndi mafuta a zaka. Fogau inangoti zii. Anapempha chilolezo kwa Irima, anatseka botija ya gasi, anazula chingwe cha magetsi, n'kutsegula chitsulo chakumbuyo. Mawaya opyapyala ochokera ku timiyala tonse anakakumana pa kabokosi kakuda, kamene mbali imodzi kanali katatupa, kakununkha chopserera. Irima anakajambula pa telefoni n'kutumiza kwa masisitere anzake ku Tete kuti amugulire katsopano.

Koyamba kamene kanabwera sikanali koyenera, timano take tolumikizirapo mawaya tinali tochepa. Ezequiel anakatembenuza, anakayerekeza ndi kakale, n'kukabweza m'pepala lake. Madzulo amenewo sanadye bwino. Kanabwerera ku Tete, ndipo kudikira kunayambiranso, udzu ukukula, akatekisita akuyandikira.

Koyenera kanafika tsiku loti mawa lake alendo afika. Masana, chakudya chitatha, Ezequiel anagwada kumbuyo kwa fogau. Palmira anakhala pakhomo la kozinya akusenda mtedza.

"Ndikugwirireni?"

"Ayi. Irima anati ndekha."

Maparafuzo, misomali yopotoza yomangira chitsulo chija, anamasuka, ngakhale imodzi inagubuduka n'kukabisala pansi pa kabati. Vuto linali mawaya. Ankagwira timano mwamphamvu, ndipo pofuna kuzula waya pankafunika wina agwire kabokosi. Akakoka, kabokosi konse kankatsatira. Anakapanira ndi chigongono chodukacho, kanaterereka. Anakapanira ndi bondo, silinafike. Kenako Palmira anamuona akuweramitsa mutu kuti alume waya ndi mano.

"Iii, bambo a Telma! Nsidze zatha, tsopano mukufuna mano?"

"Ndisiyeni, mayi a Telma."

Palmira anaika lichero pansi, anakutumula makoko pa kapulana, chitenje chake, n'kudzagwada pambali pake.

"Tsiku la ukwati wathu munkamvetsera, kapena munkangondiyang'ana ine? A Padiri anati awiriwa akhala thupi limodzi. Ndiye thupi limeneli lili ndi manja atatu. Anzanu osakwatira ali ndi awiri okha. Mukudandaula chiyani?"

Ezequiel anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera. Anaseka mpaka kutsamira fogau, kuseka kumene Palmira anali asanakumve chichokereni kumaenje. Kutatha, anapukuta m'maso ndi phewa.

"Gwirani apa," anatero. "Osagwedeza."

Iye ankafuna azule mawaya onse kaye, koma Palmira anakana.

"Mbande za matimati simuzula zonse n'kuziunjika padzuwa. Mumazula imodzi, n'kuiwokera, kenako inzake. Mukazula onse, mudziwa bwanji kwawo kwa aliyense?"

Anachita momwemo. Palmira anagwira kakale kudzanja ili, katsopano kudzanja ilo, ndipo Ezequiel ankazula waya mmodzi n'kumulowetsa pa dzino lofanana la katsopano, mpaka amve kuti wagwira. Atatha onse, anamangirira kabokosi pamalo pake, Palmira anakokola parafuzo yothawa ija ndi tsache, n'kutseka chitsulo chakumbuyo.

Irima Teodora anafika ataitanidwa. Ezequiel anatsegula botija, anaima kutsogolo kwa fogau, anapuma, n'kupotoza kagudumu.

Zii.

Anabweza msanga kuti gasi asatuluke. Anayesanso. Zii. Palmira anayang'ana pansi. M'mutu mwake Ezequiel anali atayamba kale kufunafuna mawu otsanzikira.

Irima anayang'ana kukhoma, anawerama, n'kutola chingwe cha magetsi chimene chinali chidakali pansi.

"Kodi ichi n'chokongoletsera?" anafunsa, akuchilowetsa.

Ezequiel anapotozanso. Tiki tiki tiki. Moto wobiriwira unazungulira choyakira, wofatsa, wopanda phokoso. Anazimitsa n'kuyatsa china, kenako china, mpaka zonse, ndi dzanja lake lamanzere lokha. Palmira anayamba kanthungululu, n'kukumbukira kuti ali kwa masisitere, n'kukameza pakati.

Koma Ezequiel sanafune kulandira ntchito mobisa kanthu.

"Irima, munati ndekha. Kukonzaku sindinakonze ndekha. Andigwirira ndi mayiwa."

"Ndinati kuphika nokha," anayankha Irima. "Sindinati kukhala nokha. Mawa nyemba zipse msanga, akatekisita amafika ndi njala."

Akatekisita anadya, ena anapempha zowonjezera. M'mawa umenewo Palmira anapita kumunda osadzera ku parokiya, ndipo anapalira mpaka dzuwa kupendeka popanda womuitana.

Ezequiel adakali wophika wa ku parokiya. Mbiri ya fogau ija inayenda, ndipo masiku ano aphunzitsi ndi anamwino amene mbaula zawo zasiya kuthetheka amamuitana Loweruka. Amayamba watsuka timiyala, amatsatira mawaya, ndipo pakafunika kusintha kabokosi amati, "Dikirani ndikatenge mayi a Telma." Amanena zimenezi mosachita manyazi, ngati mmisiri wonena za chida chake chodalirika, ngakhale Palmira akamva amati iye si chida, ndi bwana.

Inu amene mukuwerenga, mwina chimene munataya sichidzabwerera. Dzanja la Ezequiel silinamere. Koma iye anafunsa kwa wodziwa, anadikira kabokosi koyamba katalakwika, ndipo mphamvu zake zitafika pothera analola kugwiriridwa. Ambiri timalimba pa ziwiri zoyambazo, chachitatucho n'kumachikana, poganiza kuti kuthandizidwa n'kugonja. Sikugonja ayi.

Choncho musataye mtima, ndipo musadzitsekere nokha. Ngati pali munthu wakhala pakhomo panu akukufunsani kuti, "Ndikugwirireni?", muyankheni lero, adakali pomwepo.