Wojambula Zithunzi wa pa Mtakataka

Bambo wojambula zithunzi pa Mtakataka sagwira mausi ya kompyuta. Zithunzi za zaka khumi ndi zisanu zili m'mafoda, mudzi uliwonse yakeyake, ndipo iwo amayendamo ndi mabatani okha. Amadina Alt ndi muvi woloza m'mwamba kuti atuluke m'foda, amalemba zilembo zoyamba za dzina, kenako Enter. Ife oyandikana nawo tinkati ndi matama chabe.

Ambiri obwera masiku ano amafuna chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro. "Munthu akulira sindimuimika pakhomo," amatero bambowo.

Mu Febuluwale kunabwera mayi wa ku Golomoti. Mwana wawo, Fidelis, anakokoloka ndi madzi osefukira akuchokera kumunda wa mpunga.

Zala zinagogoda kangapo, nkhope n'kutulukira. Bambowo anasendeza maso pafupi ndi kompyuta, kenako anabwerera m'mbuyo.

"Mayi, ndi yemweyu? Maso angawa shuga anawamaliza, ndikungoona mbuu."

Mayiwo anagwira pakamwa. "Ndi yemweyo, bambo."

"Ndikukumbuka ndinamuuza kuti asaseke poti n'cha pachitupa. Anandimvera?"

"Sanamvere," anayankha mayiwo, misozi ikugwera pa tebulo. "Akuseka."