Mpungabwi wa amake Sitefano

Fungo la mpungabwi likandipeza, ndimawaona amake Sitefano atagwada pakhonde lawo m'mawa wa Loweruka, sutikesi ili yasa, akukutumula malaya oyera pamene mphepo ya ku Chilwa inkabweretsa utsi wa owamba matemba. Kwathu kwa Kuntumanji mpungabwi umamera wokha m'tchire, tinkangothyola pofuna kufukiza udzudzu. Iwo okha ndiwo ankaudzala m'mizere kuseri kwa nyumba, kuutchinga ndi bango, n'kumauthirira ngakhale mu Okutobala, chitsime chikutipatsa matope okhaokha. Ife ana tinkawaseka. Munthu wanzeru zake n'kumathirira tchire?

Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Sitefano anali mwana wawo mmodzi yekhayo, mlimi wa mpunga ku Likangala, munthu wosasunga pakamwa. Tsiku lina pamsika wa Songani anafunsa mokweza kuti mayi woyembekezera amagulitsidwiranji makhadi awiri a chipani. Patapita masiku atatu, galimoto inaima pamsewu dzuwa lili paliwombo, ndipo anamukweza ali ndi kabudula wa kumunda. Dzina lake linathera pomwepo. Akuluakulu anasiya kunena kuti amake Sitefano, ankangoti agogo a mpungabwi.

Musutikesimo munali zovala za Sitefano: malaya awiri, buluku ndi jekete la kutchalitchi. Loweruka lililonse ankachotsa masamba ouma, n'kuika aawisi pakati pa chovala ndi chovala kuti njenjete zisadye.

Chaka chachitatu kunabwera mlongo wawo. Ine ndinkasinja pabwalo pathu, zonse ndinkamva.

"Achemwali, tigawane zovalazi, timete, mtima wanu ukhale pansi," anatero bamboyo.

Kwathu zovala za munthu zimagawidwa akamwalira. Gogoyo anakhala pamwamba pa sutikesi.

"Kandionetseni kaye manda ake," anayankha. "Akabwera adzavala chiyani?"

Chilimwe china kunagwa maliro a mwana kumunsi kwa mudzi. Kunja kukatentha chotero, azimayi amayala mpungabwi mozungulira thupi kuti uthamangitse ntchentche ndi kuphimba fungo. Tchire lonse linali litapsa ndi moto, wobiriwira unali wa gogoyo basi. Amayi anga anandituma kukapempha. Ndinagwada bwinobwino, ndinanena zimene anandituma.

"Kawauze amako kuti wangawu ndi wa anthu amoyo," anatero, maso ali pa ndowa yawo.

Ndinabwerera chimanjamanja. Kusiwa azimayi anawanena kuti ndi ouma mtima, ena mpaka anati ndi mfiti. Inenso ndinadana nawo, ndipo miyezi ingapo ndinkawadutsa osapereka moni. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Anamwalira chaka chachisanu ndi chiwiri, nthawi yotentha yomweyo, ali okhaokha m'nyumba, ndipo tinadziwa patapita tsiku. Panalibe kuchitira mwina. Amayi anatenga zenga, anaphwasula mpanda wa bango, n'kumweta mizere yonse mpaka pansi, misozi ikugwera pamasamba. Mpungabwi wa anthu amoyo uja tinauyala mozungulira mwini wake.

Tisanapite kumanda, mlongo wawo anatsegula sutikesi. Fungo linadzaza nyumba yonse. Zovala zinali bwinobwino, popanda ndi kabowo komwe. Ananyamula jekete m'mwamba.

"Atenge ndani ili?"

Amuna ena pamenepo anali ndi malaya azigamba kumsana, koma aliyense anayang'ana pansi. Kuvala jekete la munthu wotengedwa ndi galimoto kunali kudziitanira mafunso. Pomaliza amayi anaimirira, anapinda zovala zonse monga ankapindira gogoyo, anaika masamba pakati pake, n'kuzitsamiritsa kumutu kwawo m'bokosi. Palibe anatchula mwini zovalazo. Tsikulo tinaika anthu awiri, koma nyimbo tinaimbira mmodzi.

Sitefano sanabwere. Ngakhale zinthu zitasintha, ena atabwerera kwawo, za iye sitinamve kanthu.

Lero ndakalamba, ndimakhala m'tauni ya Zomba, ndipo pakhonde panga pali chitini cha mpungabwi. Fungo lake sindilikonda, limandikumbutsa maliro, komabe ndimathirira m'mawa uliwonse. Adzukulu anga amandiseka monga tinkasekera ife.

"Agogo, tchire limeneli ndi la chiyani?"

"Ndi la Sitefano," ndimayankha, mokweza ndithu, kuti ndi odutsa mumsewu omwe amve.