Dzanja la Mayi Tiruwerk

Lipenga la bungwe la maliro litalira m'mawa m'dera la Shiro Meda, palibe anafunsa kuti wamwalira ndani. Bambo Gizachew anali atavutika ndi mtima kwa nthawi, moti mwana wawo Lidiya, namwino wogwira ntchito ku Holland, anali atabwera kale kudzawadwazika. Pofika masana tenti inali itatseka msewu, tirigu wowiritsa akuyenda m'mbale. Amayi ankalowa pageti akulira kale, nsalu zawo zoyera atazifunda mpendero m'mwamba monga mwa mwambo wa maliro, akudziguguda pachifuwa ndi manja onse awiri.

Namfedwa, Mayi Tiruwerk, mkazi wa malemuwo, anakhala pamatiresi pakona, manja ali pamiyendo, zii. Maso awo anali ouma ndipo aliyense wolowa ankaona zimenezo asanaone bokosi.

Mayi amenewa anakalambira pa makina otayipira mu ofesi ina ya boma. Zala zawo zinali zotchuka, mabwana ankalimbirana kuti makalata awo atayipidwe ndi iwo. Kenako chala chachikulu cha kumanzere chinayamba kuvina chokha, dzanja lonse n'kutsatira. Madokotala anati ndi matenda a Pakinsoni, sachira, amangokulirakulira. Nkhope nayo inauma pang'onopang'ono mpaka kumwetulira kunakhala ntchito.

Koma dzanja lija linali ndi khalidwe lake. Mayi Tiruwerk akakwiya, akada nkhawa kapena akasangalala, linkanjenjemera kwambiri. Bambo Gizachew, amene moyo wawo wonse anali makaniko womvetsera mainjini a mabasi, anaphunzira kulimva.

"Amake Lidiya, pakamwa panu mungabise," ankatero, "koma uyu ndi kazitape wanga. Wandiuza kale kuti mwakwiya."

Akatero ankasanjika chikhatho chawo chokhakhala pamwamba pa dzanjalo mpaka lidekhe. Ankachita zimenezi pena paliponse: m'tchalitchi, m'minibasi, ngakhale pamaso pa alendo.

Mankhwala atayamba kulephera, Lidiya anawatengera ku Holland. Kumeneko anawaboola chigaza, n'kulowetsa timawaya m'kati mwa ubongo, ndipo kabatire anakakwirira pansi pa khungu, pachifuwa cha kumanzere. Kachipangizo kake n'kanzeru. Kamamvetsera ubongo usana ndi usiku, matenda akafuna kudzuka kamawonjezera mphamvu, akagona kamachepetsa. Madokotala anawapatsa karimoti n'kuwachenjeza kuti malo a batirewo asamamenyedwe.

Anabwerera akumwa khofi osataya ngakhale dontho, ndipo anzawo a mumsewu analuluta. Bambo Gizachew anangoti, "Kazitape wanga mwamuchotsa ntchito," n'kuseka. Komabe dzanja lawo silinaiwale njira, linkabwerabe kudzasanjika pa dzanja lodekha kale.

Chimene oluluta aja sanadziwe n'chakuti zinthu zinayamba kuwatalikira Mayi Tiruwerk. Chimwemwe ndi mkwiyo ankazimva ngati wailesi ya kwa aneba. Madokotala anati mwina ndi matenda omwewo, mwina kuchepetsa mankhwala, mwina kachipangizo, ayesa kusintha. Iwo anangovomera. Ngakhale zimenezo sizinawadandaulitse.

Tsono lero anali atakhala pamaliro a amuna awo, akufufuza m'mtima osapezamo kanthu. Ankaona kuti benchi ina yafupika mwendo. Ankamva kuti tirigu wachepa mchere. Zoti ankawakonda Bambo Gizachew ankazidziwa monga munthu amadziwira dzina la msewu wake.

Mayi Askale, mlongo wa malemu, amene mawu anali atasasa kale ndi kulira, anadzagwada pambali pawo.

"Mlamu, anthu akuona."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji? Tulutsani ngakhale kamawu kamodzi. Kapena azungu aja anachotsa ndi misozi yomwe?"

"Azakhali, asiyeni amayi," Lidiya analowerera. "Sangadzigugude, pachifuwa pali batire."

"Batire? Ndiye mchimwene wanga apite ngati wopanda mkazi chifukwa cha batire? Iye uja ankawameta, ankawamangira zingwe za nsapato, ankawadyetsa ndi dzanja lake. Lero wagona apo, iwo angokhala ngati akudikira basi."

Anthu okonda maliro a eni amamva ngakhale zonong'ona. Amayi a pabenchi yapafupi anatsitsa kulira kuti asaphonye mawu. Mayi Tiruwerk sanakwiye, ndipo anadziwa kuti m'masiku akale dzanja likanawayankhira. Analiyang'ana. Linali phee pamwendo, kachipangizo kakugwira ntchito yake bwinobwino.

Ansembe atafika ndi maambulera awo kuti anyamule bokosi kupita kutchalitchi, Mayi Tiruwerk anadzuka n'kukodola mwana wawo. Analowa kuchipanda, kumene jekete ya Bambo Gizachew inali ikadali pamsomali.

"Tenga karimoti kaja."

"Batire yatsika, amayi?"

"Zimitsa."

"Amayi, mukudziwa zimene zichitike. Miyendo iuma, kutchalitchi simukafika."

"Ukandigwira mkono. Zimitsa, mwanawe."

"N'chifukwa cha azakhali? Pakamwa pawo mukupadziwa."

"Si chifukwa cha Askale. Ndikufuna kumva zimene dzanjali linene."

Lidiya anazengereza, kenako anayandikitsa karimoti pachifuwa cha mayi ake n'kudina. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako chala chachikulu chija chinagwedezeka, ngati munthu wodzuka kutulo, ndipo dzanja lonse linatsatira.

Anatuluka ndi timasitepe tating'ono, akukhwekhwereza mapazi, Lidiya atawagwira. Anthu anapatuka. Atafika pabokosi anakweza dzanja lija, ndipo linayamba kudzigunda lokha pansalu ya pachifuwa, pang'onopang'ono.

"Ayamba," anatero Mayi Askale, "mlamu wanga ayamba." Tenti yonse inabuma, amayi akudziguguda mwatsopano, okhutira kuti maliro tsopano alongosoka.

Mayi Tiruwerk sanadziwe ngati chinali chisoni kapena matenda chabe. Wodziwa kusiyanitsa zimenezo anali m'modzi yekha. Anatsitsa dzanjalo n'kulisanjika pachivindikiro, ndipo linayamba kugogoda thabwa. Anaima pomwepo akudikira, monga ankachitira m'tchalitchi ndi m'minibasi, kuti chikhatho chokhakhala chija chibwere pamwamba pake.

Onyamula bokosi anayang'anana, osadziwa ngati ayambe. Dzanja linapitiriza kugogoda, ndipo panalibe wolidekhetsa. Apo m'pamene chisoni chinawapeza, ndipo anawasowa amuna awo kwambiri.

"Ndiyatse, amayi?" Lidiya ananong'ona.

"Ayi," anatero Mayi Tiruwerk. "Lisiye liwauze kaye bambo ako."